Kodi Ankaimba pa Gumbagumba Paja Anali Ayani?

Amayi anzanga, makamaka inu akuluakulu a kwa Jenala amene munaona masiku a Wenela ndi maso anu, kodi mukukumbukira tsiku limene bambo a kunyumba kapena alongo anu anafika kuchokera ku Joni? Ana anathamangira kumsewu kukalandira sutikesi yachitsulo ndi bulangete latsopano, koma katundu mmodzi mwiniwake sanalole kuti wina amgwire. Ameneyo anali gumbagumba, ndipo mbale zake zinali zokulungidwa bwino m'kati mwa malaya kuopa kusweka. Dzuwa litapendeka munasesa pabwalo, mabatire analowa, singano inatera pa mbale, ndipo mudzi wonse unamva mawu a atsikana oimba mogwirizana, mwamuna wa mawu onga kubangula kwa mkango akuwayankha. Chinenero chake simunachimve, komabe munamanga chitenje m'chiuno ndi kuvina mpaka fumbi kobo. Gule ameneyu tinkamutcha simanjemanje.

Lero ndati tikambirane za kumene mbalezo zinkachokera, za amuna amene ankazikonza, ndi za atsikana aja amene tinkawamva tsiku ndi tsiku koma maina awo osawadziwa.

Zambiri mwa mbalezo zinali za kampani ya Gallo ya mu mzinda wa Johannesburg. Anaiyamba ndi Eric Gallo m'chaka cha 1926, poyamba ngati sitolo yogulitsa mbale za galamafoni zochokera kunja, ndipo pambuyo pake anayamba kujambula oimba a komweko. Azungu eni kampani sankadziwa nyimbo zimene anthu akuda angakonde, choncho ankalemba ntchito munthu wakuda woti aziwafunira oimba. Munthu ameneyu, amene masiku ano achinyamata amamutcha pulodyusa, ndiye anali mwini mphamvu zonse. Iye ndiye ankasankha woimba ndi kumchotsa, kusankha nyimbo, kunena kuti gitala alowe pati, ngakhalenso kupereka dzina la gulu. Tingamuyerekeze ndi namkungwi: wovina ndi namwali, koma wolamula mavinidwe ndi wina.

Mmodzi mwa oyamba pa ntchitoyi anali Griffiths Motsieloa. M'nthawi yake, mu 1939, Solomon Linda anajambula nyimbo yotchedwa Mbube, nalandira mashiling'i khumi okha basi. Nyimboyo inawoloka nyanja, anthu a ku America anaisintha pang'ono napeza nayo chuma chosaneneka, pamene mwini wake anamwalira ali wosauka mu 1962. Ana ake aakazi analandirako kanthu pambuyo pa mlandu umene unatha mu 2006. Muisunge nkhani imeneyi, pakuti ikubweranso m'maonekedwe ena.

Chaka cha 1964, chomwe ife tinalandira ufulu wodzilamulira ndiponso wailesi ya MBC inakhazikitsidwa, ndi chomwechonso a Gallo anakopa Rupert Bopape kuti achoke ku kampani ya EMI. Kumeneko Bopape anali atatchuka kale ndi gulu la atsikana la Dark City Sisters. Atafika ku Gallo anampatsa nthambi yakeyake yotchedwa Mavuthela, ndipo mbale za nthambi imeneyi zinkatuluka ndi zizindikiro zosiyanasiyana, monga Motella, Smanje Manje ndi Gumba Gumba. Mukuona tsono kuti mawu awiri aja amene tinkawayesa athu a pamudzi anali olembedwa pakati pa mbale zomwezo.

Bopape anali ndi khutu lakuthwa. Anasonkhanitsa anyamata oliza zida, ena mwa iwo anali kugwira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa kwa Azungu ku Pretoria: West Nkosi pa chitoliro cha sakisofoni, Joseph Makwela pa besi, Lucky Monama pa ng'oma, ndiponso Marks Mankwane amene gitala wake ankalira mothamanga ngati madzi a m'phiri la Michesi nthawi ya dzinja. Gululi linatchedwa Makgona Tsohle, kutanthauza akatha zonse m'Chisutu. Mwamuna wobangula uja anali Simon Nkabinde, wodziwika ndi dzina loti Mahlathini. Ndipo atsikana aja anali Hilda Tloubatla, Nobesuthu Mbadu, Mildred Mangxola, Juliet Mazamisa ndi Ethel Mngomezulu, pamodzi ndi anzawo ena amene ankalowa ndi kutuluka.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yeniyeni. Atsikanawa ankapita ku situdiyo monga mmene munthu amapitira ku ntchito ya tikiti. Ankaphunzira nyimbo, kuziyeserera, ndi kuzijambula. Nyimbozo zikatha, Bopape ankazigawa maina: iyi ituluke ngati ya Mahotella Queens, iyo ngati ya Marula Boom Stars, ina ya Soweto Stars, inanso ya Dima Sisters. Bambo wa ku mgodi akalowa m'sitolo ndi malipiro ake, ankagula mbale zinayi poyesa kuti wagula magulu anayi, osadziwa kuti pakamwa ndi pomwepo. Dzina limene linagunda kwambiri ndi la Mahotella Queens, koma dzinalo silinali la atsikanawo. Mtsikana akakwatiwa kapena akakangana ndi akuluakulu, pamalo pake ankaikapo wina, dzina ndi kumapitirira. Malipiro a oimba akuda masiku amenewo kawirikawiri anali a tsiku lojambula lokha, mbale igulidwe zikwi zingati kaya.

Sindikufuna kuti mumuone Bopape ngati chilombo ayi. Munthuyu ankadziwa ntchito, analemba mawu a nyimbo zambirimbiri, ndipo popanda iye mwina atsikanawo sakanamveka kufikira kuno ku chigwa cha Phalombe. Koma ndi zoonanso kuti pofika 1971 ndi 1972 ambiri mwa atsikana oyambirira anali atachoka, ena kukasamala mabanja, ena kukalowa magulu opikisana nawo, ndipo Mahlathini mwiniwake anachoka mu 1972 atasemphana ndi Bopape pa nkhani ya ndalama.

Anthu ena amayerekeza Mavuthela ndi Motown, kampani ya anthu akuda a ku America imene Berry Gordy anaiyamba ku Detroit mu 1959, ndipo kuyerekezako n'koona ndithu. Motown inathandiza kwambiri kufalitsa pa dziko lonse nyimbo zotchedwa soul, zimene muzu wake ndi kaimbidwe ka m'matchalitchi a anthu akuda, koma mawu ake ndi a chikondi ndi madandaulo a mumtima. Kumenekonso kunali gulu limodzi la oliza zida, lotchedwa Funk Brothers, limene linkaliza pafupifupi m'nyimbo zonse koma maina awo sanalembedwe pa chikuto cha mbale mpaka 1971. Kumenekonso kunali atsikana ovala mofanana, a The Supremes. Ndipo kumenekonso amisiri atatu okonza nyimbo, Brian Holland, Lamont Dozier ndi Eddie Holland, anachoka mu 1968 chifukwa cha mkangano wa ndalama. Nyanja yaikulu ili pakati, koma machitidwe ndi amodzi.

Nyimbo za soul zomwezi ndizo zinadzagwedeza ufumu wa Bopape. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata a ku Soweto ndi ku Alexandra anayamba kuona simanjemanje ngati gule wa makolo ndi wa anthu a ku migodi. Iwo ankafuna kulira kwa limba la magetsi monga ankamvera pa mbale za ku America, ndipo Percy Sledge atafika ku South Africa mu 1970 maholo anadzaza. Kampani ya Teal inali ndi pulodyusa wake David Thekwane, amene anakweza gulu la The Movers. Hamilton Nzimande, yemwe kuyambira 1967 anali kupikisana ndi Bopape ndi gulu lake la atsikana la Izintombi Zesi Manje Manje, anapeza anyamata a ku Natal otchedwa Soul Brothers, ndipo nyimbo yawo ya Mshoza Wami inagulidwa kwambiri mu 1976. Mawu ofewa a David Masondo ndi limba la Moses Ngwenya ambiri a inu mukuzikumbukira bwino, pakuti zinalira pa maukwati athu kufikira m'masiku a makaseti. A Mavuthela nawo sanagone: anatsegula chizindikiro cha Soul Jazz Pop, ndipo Marks Mankwane, amene tsopano anali pulodyusa, analowetsa limba m'nyimbo za atsikana atsopano amene ankanyamula dzina la Mahotella Queens. Komabe nyengo inali itasintha. Magulu a amuna ndiwo anali patsogolo, mawu a amayi anabwerera m'mbuyo. Bopape anadwala mtima mu 1977 ndipo posakhalitsa anapuma pa ntchito.

Kuno kwathu nako njira ya mbale inali itayamba kutsekeka. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndi kupha abale athu oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kumudzi, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Kulembako kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma ochepa okha, mpaka kunatheratu mu 1988. Guleyo anali atamera kale mizu: Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka ankaliza simanjemanje pa magitala awo, ndipo anyamata a mabanjo opanga okha ankamutsanzira m'misika.

Nanga atsikana aja anathera kuti? Hilda, Nobesuthu ndi Mildred anakhala zaka zingapo akulera ana monga ife tomwe. Ndiye mu 1986 woimba wa ku America Paul Simon anatulutsa chimbale cha Graceland, ndipo Azungu anayamba kufunsa za nyimbo za ku South Africa. West Nkosi, amene anali atakhala pulodyusa wamkulu ndiponso ndiye anajambula Ladysmith Black Mambazo kuyambira 1973, anawaitananso amayi atatuwa pamodzi ndi Mahlathini. Taganizani, amayi a zaka zoposa 40, ena a zidzukulu m'njira, kuvalanso mikanda ndi zisoti zofiira za Chizulu ndi kukavina ku Paris, ndiponso ku London pa chikondwerero cha zaka 70 za Nelson Mandela mu 1988! Apa tsopano anthu anayamba kuwadziwa ndi maina awo.

Chimwemwecho chinadukizidwa ndi maliro otsatizana. West Nkosi anamwalira mu October 1998 atavulala pa ngozi ya galimoto, Marks Mankwane anamwalira mwezi womwewo, ndipo Mahlathini anatsatira mu 1999, wopanda chuma cholingana ndi kutchuka kwake. Amuna atatuwa atapita, amayi atatuwa analira maliro, kenaka anafuna anyamata atsopano oliza zida nabwerera pa nsanja okha, ndipo mu 2000 analandira mphotho ya WOMEX ku Ulaya. A Soul Brothers anali ataona msanga pamene pali msampha, pakuti m'zaka za m'ma 1980 anatsegula kampani yawoyawo yotulutsa mbale.

Ndikudziwa kuti ena a inu muli ndi ana aakazi a mawu okoma m'makwaya, amene akulakalaka kupita ku Blantyre kukajambula. Masiku ano situdiyo ndi kachipinda kamodzi ndi kompyuta, koma pulodyusa akadalipo. Mwanayo asananyamuke, mumfunse kuti nyimboyo idzalembedwa m'dzina la yani, ndipo mumuuze kuti kuno kuli bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, kumene wopeka nyimbo amakalembetsa ntchito yake kuti ikamaulutsidwa azilandirapo kanthu.

Rupert Bopape anamwalira mu 2012, Nobesuthu Mbadu mu 2021. Ngati m'sutikesi yachitsulo ija mukadali mbale imene chiswe ndi ana sanaiwononge, muitulutse, muipukute ndi kansalu, ndipo mdzukulu akuwerengereni zolembedwa pakati pake. Pamwamba apeza chizindikiro cha Motella kapena Gumba Gumba, kenaka mutu wa nyimbo, ndi dzina la gulu. M'munsi mwa mutuwo muli timalemba ting'onoting'ono tosonyeza wopeka, ndipo pa mbale zambiri mdzukuluyo awerenga kuti R. Bopape.