UKWATI WOKHA SUPATSA MUNTHU UNZIKA WA ZAMBIA

Ana ambiri a dziko lino ali ku nchito ndi ku maphunziro ku South Africa, ku Britain ndi ku maiko ena, ndipo ena mwa iwo akwatira kapena kukwatiwa komweko. Makolo kumudzi akalandira mpongozi wocokera kunja amaganiza kuti ukwatiwo wamusandutsa kale mwana wa Zambia. Malamulo satero. Mlendoyo akakhalitsa popanda cilolezo akhoza kubwezedwa kwao, banja ndi kupatukana.

Nzika ya Zambia imene ili kunja iyenera kuyamba kukonza zinthu isananyamuke. Cofunika coyamba ndi kalata ya ukwati yocokera ku boma la dziko limene anakwatiranamo, pamodzi ndi mapasipoti a onse awiri. Maofesi a akazembe a Zambia, monga a ku London ndi ku Pretoria, amalangiza za makalata ena ofunika.

Lamulo la m'caka ca 2010 loona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko linakhazikitsa cilolezo ca mkazi kapena mwamuna wa nzika, cochedwa Spouse Permit. Cimaperekedwa ndi cigawo ca Imigileshoni, comwe likulu lace lili mu Lusaka, ndipo nthawi yace ikatha ciyenera kukonzedwanso. Cilolezoci cimalola munthu kukhala m'dziko, koma sicimupatsa citupa ca unzika kapena ufulu woponya voti.

Za unzika zili m'malamulo aakulu a dziko, amene Pulezidenti Edgar Lungu anasaina kusintha kwace pa 5 January 2016. Ndime 37 inena kuti munthu amene wakhala pa ukwati ndi nzika kwa zaka zosacepera 5 ali ndi ufulu wopempha kuti alembedwe kukhala nzika. Mlendo wamba ayenera kukhala m'dziko zaka 10 zotsatizana asanapemphe. Pempholo limapita ku bungwe loona za unzika, la Citizenship Board of Zambia, ndipo ndilo limagamula.

Kusintha kwa mu 2016 kunathetsanso vuto lina limene linasautsa mabanja otere. Kale nzika ya Zambia ikatenga unzika wa dziko la mkazi kapena mwamuna wace inali kutaya wa kwao. Ndime 39 inalola unzika wa maiko awiri, ndipo amene anautaya kale angapemphe kuti awabwezere. Komabe mlendo ayambe wafunsa kwao, pakuti maiko ena salola nzika zao kukhala ndi unzika wina.

Ana alibe vuto lotere. Mwana amene mmodzi mwa makolo ace ndi nzika ya Zambia ndi nzika cibadwire, ngakhale abadwire ku Johannesburg.

Malamulo omwewa akhudzanso midzi ya m'malire ku Chipata, Lundazi, Chadiza ndi Katete, kumene anthu amakwatirana ndi abale a ku Malawi ndi ku Mozambique. Cinenero ndi cimodzi, miyambo ndi imodzi, koma pamaso pa Boma wocokera tsidya lina ndi mlendo. Ankhoswe akamanga ukwati wotere acite bwino kuulembetsa ku khoti la Local Court, kuti kalata ikhalepo pa tsiku limene a Imigileshoni adzafune umboni.