Singapore ndi mtengo wa asilikali a Mfumukazi

Mu Januwale 1895, nthumwi za ku Singapore m'khonsolo yopanga malamulo, zimene sizinali antchito a boma, zinatula pansi maudindo. Sanali anthu oukira atsamunda ayi. Ambiri anali azungu amalonda, ndipo pakati pawo panali mkulu wina wachitchaina, Seah Liang Seah. Chinawapsetsa mtima ndi ndalama zimene boma la ku London linkalamula kuti dera lawo la Straits Settlements lizipereka chaka ndi chaka, zosamalira asilikali a Britain okhala kumeneko.

Mu 1890 ndalamazo zinakwezedwa kuchoka pa mapaundi pafupifupi 50,000 kufika pa 100,000. Chopweteka chinali chakuti misonkho ya ku Singapore inkatoleredwa m'madola a siliva, pamene London inkafuna mapaundi, amene ankayendera golide. Siliva anali kutsika mtengo zaka zimenezo, kotero papepala ndalama zinali zomwezo, koma chaka chilichonse zinkadya madola ochuluka.

Amalondawo ankafunsa kuti: mizinga ili padokoyi ikuteteza yani? Chitsegulireni ngalande ya Suez mu 1869, Singapore inali potengera malasha pa sitima zopita ku China ndi madera ena a kum'mawa. Asilikaliwo ankalondera njira ya ufumu wonse, choncho ufumu wonse uyenera kusonkha. A ku London ankayankha kuti amalondawo analemera chifukwa cha mtendere womwewo. Apa ine ndili kumbali ya a ku Singapore: mlonda wa msika salipidwa ndi mwini benchi imodzi.

Chaka chomwecho cha 1895 boma la ku London linasintha muyeso. Dera lizipereka 17.5 peresenti ya ndalama zimene latolera, ndipo patapita zaka zochepa gawolo linafika pa 20, monganso ku Hong Kong. Vuto la siliva linatha, koma kunabadwa lina: msonkho uliwonse watsopano, ngakhale womangira chipatala, unkadulidwa gawo la asilikali usanagule njerwa ndi imodzi yomwe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mkangano wonsewu unaiwala osonkha enieni. Gawo lalikulu la ndalama za boma la Straits Settlements, zaka zambiri pafupifupi theka, linkachokera ku malonda a opiyamu. Ogula ambiri anali antchito osauka ochokera ku China, okoka magareta m'misewu ndi onyamula madengu a malasha padoko, amene madzulo ankasuta kuti msana uleke kuwawa. Iwowa analibe mawu m'khonsolo.

Kwathu kuno muyeso wa maperesenti sukanaonetsa kanthu, chifukwa thumba la boma la Nyasaland linali lopepuka. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 dziko lino linapereka anthu: asilikali a King's African Rifles, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri atachita kugwidwa m'midzi. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za zimenezi mu Novembala 1914, patangopita miyezi itatu chiyambireni nkhondoyo.