Wofuna Gitala ya Magetsi Ayambe Wayang'ana Khosi Lake

M'makomboni a Lusaka monga Matero, Kanyama, Chawama ndi Mtendere, anyamata ndi atsikana ambiri, maka-maka aja oimba m'machalichi, ali kuumiriza makolo ao kuti awagulire gitala ya magetsi. Pempho lotere si lacilendo mu mzinda uno. Malemu Paul Ngozi, amene dzina lao leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo, anakulira m'komboni ya Chibolya pafupi ndi Kanyama, ndipo m'caka ca 1976 gulu lao la Ngozi Family linatulutsa mbale ya nyimbo ya Day of Judgement. M'zaka zomwezo Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'dziko muno. Koma anyamata ambiri a nthawi imeneyo anayambira pa banjo ya cithini, pakuti gitala ya m'sitolo inali ya anthu owerengeka.

Lero magitala ochipa ali mbwee, atsopano ndi ogwirako kale nchito, ndipo vuto latsala pa kusankha. Makampani akulu-akulu amapanga okha magitala a ophunzira. Fender ili ndi Squier, Gibson ili ndi Epiphone, pamene Yamaha inayamba kupanga Pacifica mu 1990. Gitala yatsopano yolembedwa Fender kapena Gibson koma yogulitsidwa pa mtengo wa Squier iyenera kukayikiridwa. Mwina ingalire bwino ndithu, koma wogula asalipire dzina limene ndi la penti cabe.

Cinthu coyamba kuona ndi khosi. Wogula aike diso kumutu kwa gitala ndi kuyang'ana motsata khosi, monga mmene mmisiri wa matabwa ayang'anira thabwa. Khosi lokhota pang'ono ngati uta likhoza kuwongoledwa, popeza m'kati mwake muli citsulo comanga ndi sipanala. Khosi lopotoka lilibe mankhwala ochipa, ndipo gitala yotero ndi yofunika kuisiya pomwepo ngakhale mwini wake atsitse mtengo.

Kenaka ayese mpata wa pakati pa mawaya ndi tizitsulo topingasa pa khosi. Pa kacitsulo ka nambala 12 mpatawo ukhale pafupi-fupi mamilimita 2. Ukakula kwambiri, mwana amafinya mawaya ndi mphamvu, zala zimapweteka koposa muyeso, ndipo posakhalitsa gitala imakankhidwira kunsi kwa bedi. Makolo amati mwana ndi waulesi, cikhalireco colakwa cili pa gitala. Pa kacitsulo komweko ndi poyeserapo ngati gitala inena zoona: waya wolizidwa wosagwira ndi waya yemweyo wogwidwa pa 12 ayenera kupereka liu limodzi, lina pansi lina pamwamba. Akasemphana pang'ono, mmisiri akhoza kukonza ku mlatho wa mawaya.

Maonekedwe ndi mtundu wa penti, zimene mwana amathamangira, zilibe nchito kweni-kweni.

Liu la gitala limatoledwa ndi maginito okulungidwa waya ali pansi pa mawaya, amene oimba amawacha mapikapu. Oonda aja, onga a pa Stratocaster, amapereka liu loyera loyenera kalindula ndi rumba, ngakhale amalira pang'ono ngati njuci. Onenepa, a mapasa, alibe phokosolo ndipo liu lao ndi lolemera. Wophunzira angayambe ndi alionse, malinga onse ali kugwira nchito. Cotero gitala isagulidwe isanalumikizidwe ku ampulifaya, ndipo tonse topotokola ndi swichi ziyesedwe. Kholo losadziwa kuliza lipite ndi woimba gitala wa ku chalichi kapena wophunzira nyimbo wa pa Evelyn Hone College.

Ambiri amaiwala kuti ampulifaya ndi cingwe cake zifunanso ndalama. Ya mawati 10 kapena 15 ndi yokwanira m'nyumba ya m'komboni, mmene cipupa cimodzi cimalekanitsa mabanja awiri. Magetsi a m'Zambia ndi a mavoti 230, ndipo ampulifaya yotumizidwa ndi wacibale kucokera ku America, yopangidwira mavoti 120, imapsa ikalumikizidwa popanda cosinthira mphamvu. Amene akumbukira mdima wa 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, angasankhe kaampulifaya ka mabatire.

Coopsa ceni-ceni ndi nyumba zimene magetsi ake analumikizidwa mwacisawawa, popanda waya wopita m'nthaka. Mawaya a gitala ndi acitsulo, ndipo ampulifaya ikaonongeka m'kati, magetsi angadzere m'manja mwa woimba. Mu 1972 Leslie Harvey, woliza gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pamaso pa anthu ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda waya wa m'nthaka. Mwana akamva kunyerenyetsa pa zala, azimitse msanga ndipo aitane wodziwa za magetsi.

Mawaya amacita dzimbiri msanga m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo. Apukutidwe ndi kansalu kouma nthawi zonse akatha kuliza, ndipo pogula ena wophunzira apemphe a nambala 9, amene ndi ofewa ku zala zosazolowera.