PlayStation 2, gemu ya m'nyumba yomwe tinkasewerera kumsika

Kampani ya Sony itatulutsa PlayStation 2 ku Japan pa 4 Malichi 2000, inkaganizira mwana wokhala pabalaza, kwawo kuli TV ndi magetsi. Ife a ku Mitundu makinawa tinawadziwira m'kachipinda ka malata kuseri kwa msika. Mwini wake, yemwe tonse tinkangomuti achimwene, ankaonetsamo mafilimu usiku, masana n'kumatiseweretsa magemu.

PlayStation 2 inatipeza patapita zaka, itatumikira kale eni ena, m'chikwama cha munthu wochokera ku Joni. Padi imodzi inali yomanga ndi tepi yakuda, ndipo batani lake la X linkafuna kulidina ndi chala chonse. Disiki ikakana, achimwene ankaiuzira mpweya, kuipukuta ndi malaya, ife tili zii pabenchi kudikira. Ikawerenga, chipinda chonse chinkaphulika. Tinkasewera mpira wa Pro Evolution Soccer, wopangidwa ndi Konami, ndipo lamulo linali limodzi: wagonja, pereka padi. Ndalama zanga zambiri zogulira mandasi zinathera pamenepo. Magetsi akazima masewero ali mkati, mkangano wa yemwe akanapambana unkafika mpaka kunyumba.

Chimene chinakopa amalonda ngati achimwene n'chakuti makinawa ankaonetsanso ma DVD, choncho chipangizo chimodzi chinkalowetsa ndalama pawiri. Mu 2004 Sony inatulutsa mtundu wochepa thupi, wosavuta kunyamula pa kabaza. Padziko lonse anagulitsa makina opitirira 155 miliyoni, ndipo anasiya kuwapanga mu 2013, PlayStation 3 ili kale ndi zaka 6 pamsika. Ndikamva anthu akutchula chiwerengerochi ndimaona kuti n'choperewera, chifukwa chimawerenga ogula okha. Makina amodzi a kwa achimwene anadutsa m'manja mwa ana a m'midzi yambirimbiri, omwe makolo awo sakanatha kugula ngakhale TV.

Mwezi watha ndinatsika minibasi pa Nathenje, pa msewu wa M1, kuti ndimete. Pakona ya babashopu panali PlayStation 2 yakuda, yafumbi, koma ikugwirabe. Anyamata anayi anadzipanikiza pa benchi imodzi, wamng'ono ali ndi foni m'thumba yomwe sanaigwire n'komwe. Mmodzi atagonja anaimirira, n'kundipatsa padi ndi manja awiri.

"Bambo, mumatha?"

Ndinauza wometa kuti ayambe wathandiza wina.