Kamera ya raw mwagula, nanga card yake ni ya bwanji?

Masiku ano mu Lusaka, kaya ni pa kitchen party, pa chilanga mulilo kapena pa music video ya mnyamata wa mu komboni, mau amene ali pakamwa pa aliyense ni "raw". Nao makasitomala anaphunzira: "Boss, muzashuta raw, ai?" Mukawafunsa tanthauzo lake, ati ni quality chabe.

Raw ni zimene sensor ya kamera yaona, kamera isanayambe kuzipaka mtundu ndi kuzifinya. Ubwino wake uoneka pa ukwati wa dzuwa la October. Mkwatibwi ali mu dilesi yoyera mbee, mkwati mu suti yakuda bii. Pa kompyuta mungabweze maluwa a pa dilesi amene anabisika ndi kuwala, malinga ngati simunapitilize maningi. Mungasinthenso white balance kuti khungu lathu lioneke mmene lilili, osati monga munthu wadzola phulusa.

Manje chimene ogulitsa kamera sakamba ni njala ya raw. Tengani Blackmagic Pocket Cinema Camera 4K, imene inatuluka mu 2018 ndipo ikali kugwila nchito m'manja mwa ambili. Pa 4K, mafulemu 30 pa sekondi, Blackmagic RAW ya 12:1 imadya pafupifupi 34MB pa sekondi. Ola limodzi ni 120GB na pamwamba. Mukaika pa 3:1, ifika 135MB pa sekondi, ndipo ola lomwelo liyandikila 500GB. Canon EOS R5 ya 2020 pa 8K RAW ndiye chilombo: pafupifupi 20GB pa mphindi imodzi. Card ya 128GB yatha ba matron asanatsilize kuvina kolowela.

Apa ndiye ambili amagwela. Munthu waika ndalama zonse pa kamera na lens, kenako wathamangila ku town kukagula card yochipa cifukwa pa pepala palembedwa 170MB/s. Nambala yaikulu ija kambili ni liwilo lowelengela, ija yotulutsila mafailo kupita pa kompyuta. Imene mufuna imwe ni yolembela. Yang'anani chilembo V. V30 itanthauza kuti card sizatsika pansi pa 30MB pa sekondi polemba, V60 ni 60, V90 ni 90. Ndiye V30 na raw ya 34MB ni ndeo kale. Kamera izaima yokha pakati pa kulemba, ndipo siisankha nthawi. Ingaime pamene abusa afunsa mkwatibwi ngati avomela. Malumbilo sabwelezedwa, mwandi.

Samalani naonso ma bit na ma byte. Kamera ikalemba 400Mbps, gawani na 8, mupeze 50MB pa sekondi. Iyo ni nchito ya V60.

Ma card nao safanana maonekedwe. Pocket 4K ilandila SD, CFast 2.0, kapena SSD yolumikiza pa USB-C, ndipo njila ya SSD ndiyo imapulumutsa thumba cifukwa gigabyte imodzi imachipa kuposa pa CFast. Mangani chabe chingwe bwino, chikagwedezeka mwaluza clip. R5 ifuna CFexpress Type B kuti ilembe raw. Sony FX3 na A7S III zitenga CFexpress Type A, kakang'ono, kosalowana na Type B olo maina afanana. Izi za Sony zimatulutsa raw kupitila pa HDMI kupita ku recorder monga Atomos Ninja V, ndiye ikani mtengo wa recorder na SSD yake mu bajeti musanasangalale.

Ma card a fake aliko, ndipo sticker yake imanyezimila kuposa ya original. Ena olembedwa 256GB mkati ni tung'ono, amangolemba pamwamba pa mafailo akale mwakachetechete. Kapulogalamu kaulele ka H2testw kamadzaza card yonse na kuonetsa kukula kwake kwenikweni. Chitani izi tsiku logula, osati usiku wa Chisanu pamene ukwati uli mailo.

Maganizo anga ni awa: kitchen party ya maola 6 imene izathela pa WhatsApp na Facebook, kumene vidiyo imafinyidwanso, siifuna raw. 10-bit log pa card ya V60 ikwana, ndipo laptop yanu sizalila. Raw isungileni music video, advert kapena filimu yaifupi, kumene mumashuta pang'ono pang'ono ndipo muli na nthawi yokhala pa DaVinci Resolve kukonza mitundu. Ngati makina ni ofooka, pangani ma proxy, mukonzele pa mafailo opepuka.

Mukafika kunyumba, musagone musanakope. Mafailo apite pa ma drive awili osiyana, ndipo Clone Tool ya mu Resolve imatsimikiza kuti chilichonse chafika chathunthu. Ngati drive yanu ni ija yodalila socket ya pa chipupa, ikani pa UPS, pakuti malaiti akapita pakati pa kukopa failo ingaonongeke. Tsegulani ma clip angapo muone na maso anu. Pokhapo ndiye muchite format card, ndipo muichitile mu kamera momwe, osati pa laptop.