Ana akupinduladi ndi ma part-time?

Mayeso a Sitandade 8 akamayandikira, masana a ana ambiri m'matauni sakhalanso a mpira wachikulunga kapena fulaye. Akangoweruka amadya mothamanga n'kunyamulanso makope, ulendo ku part-time. Chizolowezichi chafala moti ngakhale ana a m'makalasi aang'ono ayamba kupita nawo, ndipo tchuthi nacho chasanduka teremu ina.

Kuseri kwa nyumba ina ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ana osakwana 20 amakhala pa njerwa ndi pa masaka, pansi pa chisakasa cha malata akale. Bolodi ndi chitseko chotha ntchito chopakidwa utoto wakuda, chotsamira kukhoma. Mphunzitsi wake ndi bambo wa imvi amene anapuma pantchito ya uphunzitsi. Iye sathamangira kulemba notsi. Amayamba waona kaye kope la mwana aliyense, tsamba ndi tsamba.

Tsiku limene tinafikako, anakhalitsa pa mtsikana wina amene samu zogawa zinkamuvuta. Anamutuma kukatola zitsekerero za mabotolo n'kumuuza kuti agawire anzake anayi mofanana. Zitatsala ziwiri, anamufunsa kuti zimenezo azilemba pati. Mwanayo analuma pensulo, analemba, anafufuta ndi chala, n'kulembanso. Mphunzitsi sanamuuze yankho ngakhale anzake ankachita kunyanyamphira kuti ayankhe ndi iwo. Atalipeza yekha, onse anamuwombera m'manja, ndipo samu zotsatira anazikhoza osafunanso zitsekerero.

Itakwana nthawi ya Chingerezi, aliyense anawerenga ndime mokweza kenaka n'kufotokoza m'Chichewa zimene wamva. Apa m'pamene panaonekera vuto: ambiri ankatchula mawu bwinobwino koma osadziwa tanthauzo lake, chonsecho kuyambira Sitandade 5 pafupifupi maphunziro onse amaphunzitsidwa m'Chingerezi.

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuposa aphunzitsi ndi makalasi, moti si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'chipinda chimodzi. Malo kusekondale ndi ochepa, makamaka kusukulu zogonera komweko. Kholo likamalipira part-time, limafuna kuti mwana wake aonedwe payekha, zimene m'kalasi yodzaza sizitheka.

Koma si paliponse pamene ndalamayo imagwira ntchito imeneyi. Mkangano waukulu uli pa mphunzitsi amene m'mawa amaphunzitsa mwana kusukulu, masana n'kumulipiritsa mwana yemweyo. Makolo ena akudandaula kuti mitu yovuta imasiyidwa dala m'mawa kuti ikamalizidwe masana, ndiye amene sanalipire amatsalira. Mayi wina wogulitsa tomato anatiuza kuti amalipira chifukwa choopa kuti mwana wake angasalidwe, osati chifukwa waona kusintha m'makope ake.

Aphunzitsi amene tinacheza nawo akukana zoti amabisa mitu. Iwo akuti silabasi ndi yaitali, mapiriyodi ndi aafupi, ndipo kuchonga makope a ana ochuluka chotero kumadya nthawi yophunzitsira. Sakubisa kuti malipiro awo safika kumapeto kwa mwezi, koma akuti makolo ndi amene amawachonderera. Boma lakhala likuletsa kulipiritsa ana maphunziro otere pasukulu zake, koma mchitidwewu wangosamukira m'makonde ndi m'zisakasa.

Kumene silabasi yagawidwa pawiri chonchi, mwana sanawonjezere kanthu. Wangogula zimene anayenera kulandira ulele. Kwinanso masana onse amathera poloweza mayankho a mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mwana wotere akhoza kusankhidwa, koma akafika Fomu 1 funso likabwera mwa njira ina amasowa pogwira. Kholo lingadziwe kusiyana kwake pomupempha mwana kuti afotokoze mmene wapezera yankho, osangokhutira ndi machongo ofiira.

Chinanso chooneka m'malo ambiri otere n'chakuti dzuwa likangopendeka, atsikana ndi amene amayamba kutsanzika. Wina akukatunga madzi, wina akukasonkha moto, wina akukalandira mwana kwa mayi ake kumsika, pamene anyamata amatsala mpaka phunziro litatha. Ndalama yolipira imakhala yofanana kwa onse.