Munga Unatilanda Mwana, Mtondo Unatibwezera

Kwathu kwa Kawinga nkhani ya mwana wokana chakudya siimveka. Ndi dera la mpunga, nandolo ndi chinangwa, kufupi ndi nyanja ziwiri, Chilwa ndi Chiuta, komanso ndi dera loidziwa njala. Chilwa itaphwa mu 1995, anthu anagona ndi madzi okha m'mimba, ndipo akuluakulu sanaiwale. Ndiye mwana akakankha mbale ya nsima yotentha, anthu amangoti ndi matama, kapena pali dzanja la munthu.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, analibe matama. Ali ndi zaka 7 munga wa nsomba unamuima pakhosi. Unachoka tsiku lomwelo, koma mantha anatsala. Anayamba ndi kukana nsomba, tonse n'kumati n'zomveka. Kenako anakana ndiwo iliyonse yokhala ndi kanthu kotafuna, kenako mpunga, mapeto ake nsima yeniyeniyo. Chinatsala ndi phala lamadzimadzi, losefa, ndi tiyi. Mbamu ikafika pamlomo ankachita thukuta, manja akunjenjemera, khosi likudzikoka ngati asanza. Kabudula wasukulu ankamumanga ndi luzi. Mpira anasiya, m'kalasi ankangosinza. Poti anali atapitirira zaka za kusikelo, panalibe womuyeza mwezi ndi mwezi kuti aone mmene akutsikira.

Mudzi unayesa zonse zimene umadziwa. Ena anati mumumane phalalo, njala ikamuwawa adya yekha. Anakhala tsiku lathunthu osalawa kanthu, osadandaula n'komwe. Ena anamugwira manja n'kumutsina mphuno, ndipo kuyambira pamenepo akangomva kulira kwa mbale ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Anganga ake anamufunira zithumwa ndi madzi opemphereredwa, chifukwa cha chikondi chokhachokha.

Amene anatitsegula maso ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Anatilembera kalata, madokotala anamuyeza pakhosi n'kupeza kuti palibe chotsekereza, koma magazi anali ochepa. Atamupatsa mankhwala owonjezera magazi ndi a njoka zam'mimba, anatitumiza ku Blantyre kukaonana ndi katswiri wa kadyedwe. Akatswiri oterewa m'Malawi muno ndi ochepa. Maphunziro awo anayambira ku LUANAR, ku Bunda, mogwirizana ndi sukulu ya madokotala ya ku Blantyre. Ulendo wochokera pa Ntaja kudzera pa Liwonde ndi Zomba unadya ndalama ya mbuzi, ndipo mbuziyo sitinailire.

Mayi amene tinawapezawo sanayambe ndi ife. Anakhala pansi kuyang'anana ndi mwana, n'kufunsa kuti, "Achimwene, mukaika nsima m'kamwa mumaona ngati chichitike n'chiyani?" Iye anayankha motsitsa, "Ndifa." Mayi ake analira pomwepo, chifukwa chichitikireni ngoziyo palibe anali atamufunsapo funso limenelo.

Katswiriyo anatiuza kuti vutoli limadziwika, dzina lake ndi ARFID. Linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo la ku America mu 2013, ndipo bungwe la WHO nalonso linaliika pa mndandanda wake wa matenda. Silikhudzana ndi kufuna kuonda, komanso si kusowa chakudya m'nyumba. Ena limawagwira chifukwa sapirira fungo, maonekedwe kapena kakhalidwe ka chakudya m'kamwa. Ena samva njala n'komwe. Ena, monga mphwanga, amaopa kutsamwa kapena kusanza. "Mayi," anatero, "inu ntchito yanu ndi kusankha chophika, nthawi yodyera ndi malo odyera. Kudya kapena kusadya, komanso kuchuluka kwake, musiyireni mwini m'mimba. Ndipo musamubisire kanthu m'phala. Akakugwirani kamodzi, phala lomwelo alisiya."

Chimene chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti sanatilembere chakudya cha m'sitolo ngakhale chimodzi. Anatenga magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi amaphunzitsa m'midzi, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, n'kufunsa zimene tili nazo pakhomo. Kenako iwo ndi mwanayo anamanga makwerero, kuyambira chakudya chosaopsa kufika choopsa kwambiri. Pansi penipeni phala lake lija. Pamwamba penipeni nsomba.

Sitepe yoyamba inali kulimbitsa phala lomwelo: nsinjiro pang'ono, kasupuni ka mafuta, mkaka ukapezeka, iye akuona ndi maso ake. Chakudya chatsopano chinkabwera m'kambale kapadera, ndipo sankakakamizidwa kudya. Lero angochiyang'ana n'kunena mtundu wake. Mawa achigwire. Mkuja achinunkhize, kenako anyambite, kenako alume kachidutswa kochepa ngati njere ya nandolo. Njira imeneyi akatswiri a ku Boston, Jennifer Thomas ndi Kamryn Eddy, anailemba bwino m'buku lawo la chithandizo cha ARFID, koma pakhonde pathu inkangooneka ngati masewera. Nthochi yakupsa yophwanya inalowa. Mbatata yofiira m'kati, ija ya vitamini A, inalowa. Chipere chinakanidwa kangapo, n'kudzalowa tsiku lomwe palibe ankayembekeza. Panali sabata ina imene anadwala malungo n'kubwerera ku phala lokha. Mayi aja pa foni anati tisade nkhawa, titsike masitepe awiri n'kuyambanso kukwera.

Mwezi wa Ramadhani unatithandiza. Dzuwa likalowa banja lonse linkazungulira futali, aliyense ali ndi njala yake, palibe woyang'ana m'mbale ya mnzake. Tsiku lina tinangoona kadzanja kalowa m'mbale yaikulu. Mlongo wanga anandiponda phazi kuti ndisalankhule. Tinadya ngati sitinaone kanthu, koma mwanayo atapita kukagona mayi ake anavina pabwalo mpaka chitenje kumasuka, anganga akuimba nthungululu zotsitsa kuti asamudzutse.

Nsomba inafuna nzeru ina. Mayi aja anatiuza kuti tikazinge matemba ouma, kenako mwini wake asinje yekha mumtondo, asefe yekha, apise chala muufawo kufunafuna munga. Anasinja mpaka thukuta, anasefa kawiri, anafufuza, sanapeze kanthu. Anathira yekha m'phala lake. Atameza anakhala chete akudikira imfa ija, ndipo itapanda kubwera anaseka chikhakhali choti anthu apanjira anacheuka. Kuchokera apo zinathamanga: nsima yofewa ndi therere, dzira lowiritsa, mnofu wa mlamba womwe anaubenthula yekha ndi kuuyang'ana padzuwa. Pa Idi anadya mpunga ndi msuzi wa nkhuku, n'kutambasula mbale kachiwiri. Mbale yachiwiri! Ndinatuluka panja kukauza aliyense amene ndinakumana naye, ngakhale ogulitsa makala odutsa pa njinga.

Lero luzi lija linatayidwa, kabudula tinachita kumugulira wina. Masaya abwerera, magazi atayezedwanso anapezeka kuti akwera, ndipo aphunzitsi ake akuti tsopano vuto ndi phokoso. Madzulo amabwera ali fumbi lokhalokha kuchokera kumpira, akufuula asanalowe n'komwe pampanda kuti kwaphikidwa chiyani. Makwerero ake analembedwa kuchikuto kwa kope lasamu, ndipo chakudya chilichonse chikagonja amachidula yekha ndi cholembera. Zatsala zitatu: kabichi, chimanga chootcha ndi nyama yambuzi. Dzulo anandipeza ndikukonza njinga n'kundionetsa kopelo. "Amalume, kabichi adikire kaye. Loweruka tipite pa Ntaja, tikayambe ndi kanyenya."